Mwana Waluso ndi Anzake a Pamzere

Pa Expressive Arts teremu ino tafika pa gymnastics, masewero aja odumpha, kupinda thupi ndi kuzungulira m'mwamba. M'kalasi munabuka phwete atatchula mutuwo, chifukwa ambirife holo ya masewerowa timangoionera pa foni, ndipo sukulu zimene tikaphunzitseko kuno ku Dedza ngakhale mpira umakhala wamapepala. Koma ntchito imene anatipatsa sinali ya zipangizo. Anati tiwerenge, kenako tilembe mmene mwana waluso kwambiri amakhalira ndi anzake apakatikati m'gulu limodzi.

Ana amayamba gymnastics ali ndi zaka 5 kapena 6, ndipo kusankhana kumayambira pomwepo. Nadia Comăneci wa ku Romania anaphunzitsidwa ndi Béla Károlyi kuyambira ali kamwana. Mu 1976 ku Montreal, ali ndi zaka 14, anakhala woyamba kupatsidwa 10 yathunthu pa Olympics, moti bolodi yamalikisi, imene sinakonzedwe kuonetsa nambala yotere, inalemba 1.00. Pa mipiringidzo iwiri yolendewerapo, pamene Nadia anatengera golide, siliva anatenga mnzake wa m'timu, Teodora Ungureanu. Ndinafunsa anzanga kuhositelo ngati anamvapo dzinali, onse anapukusa mitu. Wachiwiri pa dziko lonse ameneyo! Nanga aja amene ankalowa nawo holo m'mawa uliwonse koma sanakwere nawo ndege?

Chimene chandithandiza kumvetsa nkhaniyi ndi mzere. Pa mpira ana 22 amasewera nthawi imodzi, wosadziwa nayenso amathamanga mpaka thukuta. Pa gymnastics sizitero. Thabwa loyendapo lija ndi lotambalala masentimita 10 okha, ndipo pamakwera mwana mmodzi, enawo ali pamzere kudikira. Choncho chuma cha m'holo ndi mpata wokwera ndi maso a kochi. Kochi akaona kuti uyu ali ndi luso, amamuwonjezera mpata, amamukonza chala ndi chala, kenako amamusamutsira ku gulu la maola ambiri. Pakatha chaka kusiyana kwakula, ndipo aliyense amati luso ndi lobadwa nalo, kuiwala kuti winayo wakwera kambirimbiri mnzake akuonerera. Robert Merton analemba za khalidweli mu 1968, ngakhale iye ankanena za asayansi otchuka, ndipo dzina la khalidweli analitenga pa Mateyu 25:29, paja pa woti ali nazo adzamuwonjezera.

Zimenezi ndinaziona ndi maso pa sukulu imene ndinkachitira teaching practice, ngakhale panthawiyo sindinkazitcha gymnastics. Kuseri kwa buloko yatsopano kunatsala mulu wa mchenga wa omanga. Anyamata anakwirira tayala theka pafupi nawo. Munthu amathamanga, n'kuponda tayala, n'kuchita chipidigoli kugwera pamchenga. Panali kamnyamata kena ka Sitandade 5, kochepa thupi, kamene kankazungulira m'mwamba n'kutera chilili, mapazi pamodzi, osagwira pansi. Enawo ankagwa chagada, ena cham'mbali, mchenga mpaka m'makutu.

Pa buleki, aphunzitsi kulibe, anali ndi malamulo awo. Wina wamkulu thupi ankagwada kugwira tayala kuti lisagwedere. Wina ankatola miyala pamchenga. Waluso uja akafuna kubwereza, ankamubweza: "Iwe, wadumpha kale, kakhale kumbuyo." Ndipo ankapitadi kumbuyo, m'mphepo ya June ija, manja m'khwapa. Akafika wamantha, iyeyo ndiye ankakuwa: "Pinda mawondo aise, usatseke maso!" Ankamunyadira, nayenso ankawafuna, pakuti popanda wogwira tayala sakanadumpha.

Zinasintha kutamveka kuti kukubwera alendo. Aphunzitsi ena, munthu wabwino ndithu, anaona kamnyamatako n'kuganiza zokaonetsa alendowo. Kuyambira tsiku limenelo mawu anali akuti, "Nonsenu khalani pansi muonere mnzanu." Iye kudumpha, iwo kuombera m'manja, tsiku ndi tsiku. Alendo anabwera, anasangalala, anapita. Chimene chinatsala n'chakuti wogwira tayala sankapezekanso. Ndinamva wina akumuuza kuti, "Kadumphire aphunzitsi ako." Anamupatsanso dzina lachipongwe limene sindilemba pano. Mu staff room anati ndi nsanje ya ana. Ine sindikuvomereza. Ana omwewo anakhala naye miyezi yambiri akudziwa bwino kuti amawaposa, ndipo sanamude. Anayamba kumuda mpata wawo utalandidwa n'kupatsidwa iyeyo.

Pa zimene mwana wapakatikati amamva, Herbert Marsh ndi mnzake analemba mu 1984 kuti mwana amadziyeza poyang'ana amene ali naye pafupi. Ana awiri ofanana nzeru, wina akakhala pakati pa akatswiri amadziona wopanda pake, wina pakati pa ofooka amadziona dolo. Iwo ankanena za m'kalasi, koma pamzere wa gymnastics n'zoonekeratu, poti aliyense amakuona ukamagwa, ndipo amene wangotera bwino uja ndi amene wakutsogolera.

Mbali imene sindinkaiganizira kwambiri ndi ya walusoyo. Claudia Mueller ndi Carol Dweck mu 1998 anapeza kuti ana otamandidwa kuti ndi anzeru ankasankha ntchito zosavuta ndipo ankafooka msanga akalephera, kusiyana ndi otamandidwa chifukwa cha khama. Nditawerenga ndinakumbukira kuti kamnyamata kaja, katatchuka, kanasiya kuyesa zatsopano. Kankangobwereza chipidigoli chimodzimodzi chimene kanali nacho chikhulupiriro. Ukagwa pakati pa anzako ogwa nawo mumaseka limodzi, koma ukagwa pamaso pa anthu amene akhala akudikira kugwa kwako, n'zina.

Nkhani ya Simone Biles, katswiri wa gymnastics wa ku America, pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021 inandionetsa mbali yabwino. Pa fainolo ya matimu, atadumpha kamodzi, anasiya mpikisano chifukwa thupi ndi mutu zinasiya kumvana ali m'mwamba, vuto limene lingathyole munthu khosi. Pa fainolo yotere atsikana atatu amakwera pa chipangizo chilichonse ndipo malikisi a onse atatu amawerengedwa, palibe otaya. Jordan Chiles, amene sanakonzekere kukwera mipiringidzo ndi thabwa tsikulo, anakwera m'malo mwake. Iye, Sunisa Lee ndi Grace McCallum anamaliza mpikisano, America n'kutenga siliva. Biles sanathawire m'chipinda. Anakhala pambali akuwachemerera ndi kuwatengera choko chopaka m'manja. Ndikudziwa kuti atsikanawa si apakatikati, onse ndi akatswiri, koma onse anakhala mumthunzi wa munthu mmodzi kwa zaka. Ndipo Chiles yemweyo anali pafupi kusiya masewerowa pamene Biles anamuitanira ku holo yawo ku Texas, kumene anasamukira mu 2019.

Titakambirana m'gulu, mnzanga wina wa ku Ntcheu anandifunsa kuti, "Ndiye asisi mukuti walusoyo timubweze kuti afanane ndi anzake?" Ayi ndithu. Khalidwe limenelo tili nalo kale lokwanira, lomuuza mwana wochita bwino kuti asamadzimve mpaka luso n'kufota. Mwana waluso apatsidwe zovuta zomuyenera. Chimene ndikukana n'kumulipira ndi nthawi ya anzake. Angathe kuyesa chinthu chovuta pa mpata wake womwewo, mnzake n'kuyesa chophweka pa mpata wofanana.

Mu lesson plan imene ndapereka ndagawa kalasi m'magulu ang'onoang'ono kuti mizere ifupike. Gulu lina likugudubuzika chakutsogolo pa matumba odzaza udzu, lina likuyenda pa mzere wojambula ndi phulusa manja atatambasula, lina likuima ndi manja mnzake atagwira miyendo. Chipidigoli cha pa tayala sindinachiikemo, chifukwa sindinaphunzire kugwira mwana ali m'mwamba, ndipo chipatala si pafupi. Lamulo ndi limodzi: aliyense agwire mnzake ndipo agwiridwe, waluso yemwe. Aphunzitsi athu atawerenga anandifunsa mmene ndidzayang'anire magulu onsewo ndekha m'kalasi yodzaza mpaka pakhomo. Yankho langa la atsogoleri a magulu silinawakhutiritse kwenikweni, ndipo nanenso ndikuona kuti mtsogoleriyo akakhala waluso yemwe uja nthawi zonse, tabwerera pomwe paja.

Palinso ena amene pa tayala paja sanali pamzere n'komwe. Atsikana ankaima chapatali, atagwira madiresi a yunifolomu chifukwa cha mphepo. Ena mwa iwo ndinawaonapo pa fulaye mmene amadumphira ndi kupinda thupi kuzemba mpira, ndipo sindikukayika kuti kamnyamata kaja kakanapeza wopikisana naye. Koma mtsikana wa diresi sangaime ndi manja pamaso pa anyamata, ndipo kabudula wa masewero si makolo onse angamulole kapena kumugula. Izi ndazilemba pa tsamba lomaliza la ntchito yanga ngati zokakambirana ndi a mother group ndi a komiti ya sukulu ndisanayambe phunziroli.