Achemwali, mukonzekonze Chizungucho

Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kupanga fotokope pa Luchenza. Mvula ikagwa, tiyi n'kuyamba kuphukira, kumaesiteti a ku Thyolo ndi ku Mulanje amalemba anthu ambiri. Othyola tiyi safuna kalata, koma ofuna ulonda, ukalaliki kapena ukapitawo amandipeza ndi pepala lolemba pamanja. Mawu awo ndi amodzimodzi: "Achemwali, mukonzekonze Chizungucho."

Zolakwika zambiri ndimazidziwa ndisanawerenge n'komwe. Kusokoneza "he" ndi "she" ndiye kumatsogola, poti kwathu kuno "iye" ndi iye basi, kaya mwamuna kaya mkazi. Kenako "discuss about", "borrow me", ndi "the" wowaza paliponse ngati mchere. Izi sizinditayitsa nthawi, ngakhale Grammarly, pulogalamu ya pakompyuta yokonza Chizungu, amagwirako zina.

Zimene zimandikhazika pansi ndi ziganizo zoti galamala yake ili bwinobwino, koma mwini chilankhulo sanganene choncho. Pafupifupi kalata iliyonse imayamba ndi "My names are". Palibe lamulo lathyoledwa apa, mayina alidi atatu. Koma Mngelezi amati "My name is" ngakhale atakhala ndi mayina asanu. Chimodzimodzi "I am coming" wonena munthu akutuluka pakhomo: ife timamva kuti abweranso posachedwa, mlendo amadabwa kuti akubwera bwanji munthu akupita. Zoterezi kompyuta imangozidutsitsa. Zimafuna khutu, ndipo langa ndinalinola pomvera BBC pa wailesi ya malemu bambo anga.

Tsono chaka chino kwabwera zina. Ana omaliza Fomu 4 akubwera ndi makalata pafoni owalembera ChatGPT, pulogalamu yolemba yokha ukaiuza zoti ilembe, osalala moti palibe pogwira. Mwana woti Chizungu pa MSCE anangokhoza mokokera, kuti satifiketi ituluke, kalata yake ikumveka ngati ya loya wa ku Blantyre. Nanga bwana akamufunsa maso ndi maso, ayankha ndi pakamwa pa ndani?

Ndiye ndimamupatsa mpando n'kumuuza kuti awerenge mokweza. Pomwe lilime lakodwa, ndimafunsa tanthauzo. Akangoti kukamwa yasa, liwulo timachotsa, n'kuikapo lomwe amalidziwa. Kalata imafupika, mwina n'kutsala theka.

Ena amakondwa. Ena amanyamula foni yawo mokwiya, ati ndawonongera kalata yabwino, n'kupita kwa mnzanga wa kuseri kwa msika amene amangopulinta osafunsa kanthu. Mtengo wake ndi womwewo.