Lipoti la ulendo wathu kwa anzathu ojambula mapu, ndi mmene apu ya m'foni inatizunguzira

Anzanga a mukalabu amene simunakwanitse kupita nawo, lipoti munkafunsa lija ndi ili. A wapampando anati ndilembe zonse osabisa, ndiye zina muwerenga mukuseka koma ife tsikulo kuseka kunali kutali. Cholinga cha ulendo mukuchidziwa kale, tinkakaona mmene anzathu a kalabu ina ija amajambulira misewu ndi nyumba za m'dera lawo pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti omwe amajambulidwa ndi anthu odzipereka, kuti nafenso tiyambe zomwezo.

Tinanyamuka m'mamawa pa minibasi ya hayala. A dalaivala ananeneratu kuti msewu wa tala amaudziwa bwino koma kulowa mkati sanayendeko, ndiye a mlembi anakhala kutsogolo n'kutsegula apu ya mapu ija imabwera kale m'foni ukamagula, n'kulemba dzina la komwe tikupita. Inatulutsa mzere wa buluu wooneka bwino ndi nthawi yokafikira, ndipo pa tala ponse inachita bwino zedi, olo pa raundabauti inkauziratu kuti titulukire mbali iti. Tonse tinatayirira, ena mpaka kugona.

Zinayamba kusokonekera pomwe kamawu kaja kanati yapezeka njira yachidule. A mlembi anangodina kuvomera, nanga ndani angakane kufika msanga. Tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi womwe poyamba unali wotakasuka bwinobwino, kenako unayamba kuchepa, kenako udzu kumera pakati, kenako nthambi kumakwapula magalasi mbali zonse, koma pa sikirini mzere uli phee, wonenepa chimodzimodzi ngati tikadali pa msewu waukulu. A dalaivala anafunsa kuti, "Achimwene, mukutsimikiza njira ndi imeneyi?" A mlembi anangowaonetsa foni. Ndiye tinatsetsereka mpaka kukaima pa mtsinje, mlatho palibe, ndipo ukaonetsetsa sipanakhaleko mlatho chiyambire, ndi pongowolokera anthu apansi ndi njinga madzi akachepa. Kamawu kaja, mofatsa bwino, kakuti pitirizani kutsogolo.

Apa ndi pomwe ine zinandikwana. Kulakwitsa pakokha si nkhani, mapu a papepala nawonso amalakwika. Chondinyansa n'choti apuyi imalankhula ndi mawu amodzimodzi pomwe ikudziwa ndi pomwe ikungoganizira. Ili ngati munthu wokulozera njira ndi mtima wonse chonsecho iyeyo sanapondeko. Ikanangolemba penapake kuti msewu uwu sitikuudziwa bwino, a dalaivala akanakana kale pa mphambano paja.

Kubweza minibasi pa kanjira kopanikiza choncho inali ntchito, tinatsika tonse, ena kutsogolo ena kumbuyo kumakuwa kuti bwerani bwerani, imani. Titatembenuka apu inayamba kufuna njira ina koma netiweki inali itathawa, ndiye kachizindikiro kankangozungulira osatha. Chodabwitsa, kadontho ka buluu kosonyeza pomwe tili kankayendabe nafe, kungoti kankayenda pa sikirini yopanda kanthu, timabokosi totuwa basi, palibe msewu palibe dzina. Komanso foni inatentha kwambiri chifukwa inali pa dashibodi padzuwa, ili pa chaja, sikirini yoyaka nthawi yonse, mpaka inadzichepetsa yokha kuwala ndipo a mlembi ankachita kuiphimba ndi dzanja kuti aone.

Mkangano wa mafoni unabuka pomwepo kkkk. Aliyense kutulutsa yake, uyu akuti yanga ndiye yolondola, uyo akuti inu vuto mumagula mafoni a dzina. Titaziika pamodzi zinapezeka kuti zonse zili m'madzi, ina inkaonetsa msewu womwe tinalipowo koma wopanda polowera, ina sinkauonetsa n'komwe, ina kamuvi kake kankaloza chammbuyo mpaka mwini wake anayamba kuizunguza m'mwamba molemba 8 kuti kampasi ibwerere m'malo. Amayi asungichuma, omwe nthawi yonseyi anali chete, anangoti, "Ana inu, bwanji osafunsa anthu?" Tinaimitsa bambo wina wa panjinga, ndipo asanatiuze njira anayamba watifunsa kuti galimoto yathu ndi yotani kunsi kwake, poti njira zilipo ziwiri, ina ndi ya malole okha. Funso limenelo apu sinatifunse.

Titayandikira, vuto lina. Apu inati mwafika, ife tili pakati pa munda. Nkhani yake ndi yoti tinalemba dzina la dera osati la nyumba, ndiye inangotiponya pomwe iyo inaika kachizindikiro ka deralo. Netiweki itabwerera pang'ono tinaimbira anzathu aja n'kutitumizira lokeshoni yawo pa WhatsApp, apo ndiye tinakafika, mochedwa kwambiri moti pulogalamu ya m'mawa yonse inasunthira masana.

Anatilandira bwino, osatiseka kwambiri. Mkulu wawo wa zamaphunziro atamva nkhani yathu anasintha kaye mutu n'kuyamba ndi zomwe zinatichitikirazo, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ambirife tinatseguka m'maso. Anati mu apu ya mapu muli zinthu zosiyana zomwe ife timangozisakaniza. Kadontho ka buluu kamachokera ku GPS, masetilaiti a dziko la America omwe amazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kumwamba, ndipo foni imangomvetsera, ikamva anayi kapena kuposa imawerengera yokha pomwe ili. Mafoni ambiri a masiku ano amamvanso a Galileo a ku Ulaya, GLONASS a ku Russia ndi BeiDou a ku China. Zimenezi sizifuna bandulo kapena netiweki, n'chifukwa chake kadontho kathu kankayendabe kutchire kuja. Koma chithunzi cha misewu, mayina, ndi kuwerengera njira yatsopano, zimenezo apu imakatenga pa intaneti pokhapokha ngati unasungiratu mapu m'foni. Ndiye pa mtsinje paja foni inkadziwa bwino lomwe pomwe taima, chomwe sinkadziwa ndi zomwe zili pansipo.

Misewu yambiri ya kutali ndi matauni imalowa m'mapu kuchokera pa zithunzi zojambulidwa kumwamba. Pa chithunzi chotero njira ikafika pa mtsinje n'kuonekanso tsidya linalo, n'zosavuta kuilumikiza ngati msewu umodzi, ndipo sungadziwe ngati pali mchenga, matope kapena geti lokhoma. Nthawi yokafikira nayonso, m'tauni imakhala yoona chifukwa apu imaona liwiro la mafoni a anthu ena omwe ali pa msewu womwewo, koma komwe kumadutsa mafoni ochepa imangoyerekeza potengera mtundu wa msewu womwe unalembedwa. Ukalembedwa molakwika kuti ndi msewu wabwino, basi umasanduka njira yachidule. Anatipatsa chitsanzo cha Simon Weckert wa ku Berlin yemwe anaika mafoni 99 mu kangolo n'kumakakoka mumsewu wopanda magalimoto, ndipo Google Maps inaonetsa msewuwo wofiira ngati pali mdipiti wa magalimoto. Tinaseka, koma zinatithandiza kumvetsa kuti apu imaona mafoni osati magalimoto.

Wina mwa ife anafunsa ngati zoterezi zimangochitika kumalo komwe makampani salabadako. Yankho linali ayi. Mu September 2012 Apple inachotsa Google Maps pa iPhone n'kuikapo mapu akeake mu iOS 6, ndipo anthu anadandaula kwambiri moti pa 28 September Tim Cook, yemwe anali mkulu wa Apple, analemba kalata yopepesa, mpaka kuuza makasitomala kuti ayambe agwiritsa kaye ntchito mapu a makampani ena monga Waze, Bing ndi Google. Mu December chaka chomwecho apolisi ku Australia anachenjeza anthu chifukwa mapuwo ankaika tauni ya Mildura mkati mwa Murray-Sunset National Park, pafupifupi makilomita 70 kuchoka pomwe tauniyo ili, malo otentha koopsa opanda madzi, ndipo ena anachita kukapulumutsidwa. Google nayonso zinaichitikirapo, mu June 2019 madalaivala pafupifupi 100 opita ku bwalo la ndege la Denver ku America anatsatira njira yolambalala ngozi n'kukathera mu msewu wamatope, ena kutitimira. Ine chomwe ndinatolapo pa ya Denver ndi choti ambiri ankangotsatira galimoto ya kutsogolo poganiza kuti anthu onsewa sangalakwitse.

Masana ndiye tinalowa m'zomwe tinapitira. OpenStreetMap inayambitsidwa ndi Steve Coast ku UK mu 2004, ndipo aliyense akatsegula akaunti atha kuwonjezera kapena kukonza. Anatikumbutsa za chivomezi cha ku Haiti mu January 2010 pomwe anthu odzipereka a m'mayiko osiyanasiyana anajambula Port-au-Prince, likulu la dzikolo, m'masiku ochepa kuti opereka thandizo apeze njira. Anatigawa awiriawiri pa laputopu. Umatsegula chithunzi cha kumwamba, n'kumadina timadontho motsatira msewu, kenako n'kulemba kuti ndi msewu wamtundu wanji, wa tala kapena wafumbi, pali mlatho kapena ndi powolokera pamadzi. Ine ndi mnzanga tinasakasaka mpaka kuupeza mtsinje wathu uja. Pa mapu awo unali kale bwinobwino, njira ya apansi, ndi chizindikiro choti amawoloka pamadzi, ndipo mtsikana wina wa m'kalabu mwawo anangoti anaikapo ndi iyeyo atapitako ndi njinga. Mmene anayankhulira mosadzitama zinandisangalatsa.

Sikuti anatinamiza kuti mapu awo ndi angwiro ayi. Anatiuza okha kuti komwe kulibe odzipereka nakonso kumakhala mbee, ndipo munthu wosadziwa akhoza kuwononga ntchito ya anzake, n'chifukwa chake amaunikirana zomwe aliyense wajambula. Ubwino wake ndi woti ukakonza, pa webusaiti yawo zimaoneka posakhalitsa. Mu apu yobwera ndi foni namonso muli podina kuti unene cholakwika, a mlembi anatumiza za mlatho womwe kulibe uja tili pompo, kungoti kumeneko umatumiza n'kumadikira kuti akaunike, sudziwa wawerenga ndani.

Panali kakusagwirizana pang'ono pa nkhani yoti tingosiyiratu apu yobwera ndi foni. Ena amati tichotse tiike OsmAnd kapena Organic Maps, zomwe zimatenga mapu a OpenStreetMap n'kuwasunga m'foni dera lonse. Ine sindinavomereze zochotsa. M'tauni apu yobwera ndi foni imathandiza kwambiri pa nkhani ya kuchuluka kwa magalimoto ndi kupeza mabizinesi, ndiponso munthu akakutumizira lokeshoni nthawi zambiri imatsegukira momwemo, ndiye kuithawa n'kovuta. Komanso kusunga mapu kuti agwire popanda intaneti kulimo kale, Google inaika zolozera njira popanda intaneti mu 2015, Apple mu 2023 ndi iOS 17, kungoti kunabisika m'kati moti mu minibasi monse palibe yemwe anali atasungapo. Chinthu chofunika choncho chimayenera kumakufunsa chokha ukangolemba ulendo wodutsa komwe netiweki ndi yovuta, osati mpaka uchite kuuzidwa pa semina.

Pobwerera anzathu aja anatiperekeza ndi njinga yamoto mpaka pa tala, njira yake yabwinobwino yomwe apu inkaiona ngati yotalika. Tinafika usiku koma onse bwino.

Zomwe tinagwirizana ndi izi, ulendo uliwonse wa kalabu otilandira azititumizira lokeshoni yeniyeni tsiku lisanafike komanso atiuze pakamwa njira yomwe magalimoto amadutsa, anthu awiri azisungiratu mapu m'foni pa ma apu osiyana, ndipo njira yachidule yotulukira panjira isamavomerezedwe a dalaivala asananene maganizo awo. Anzathuwo alonjeza kubwera kudzatiphunzitsa kujambula, tsiku adzalengeza a wapampando akamaliza kukambirana nawo. Amene muli ndi laputopu lembetsani kwa a mlembi, ndipo tsegulirantuni akaunti ya OpenStreetMap kuti tisadzatayire nthawi pa zimenezo. Amene munajambula zithunzi ndi mavidiyo pa mtsinje paja tumizaninso kwa a mlembi, a dalaivala apempha kuti ija akutuluka thukuta pobweza galimoto isaikidwe pa Facebook.