Musanasiye makiyi kwa dila

Kuno ku Lusaka, bilu ya kwa dila (galaji ya ogulitsa magalimoto) imafufuma pa zinthu zomwe mwini galimoto sanaone ndi maso. Ntchito isanayambe, akulembereni mtengo pa pepala, VAT ya 16% ikhale pa mzere wake. Injini ya 1NZ ya Corolla kapena Allion imamwa oyilo wosakwana malita 4. Akalemba 5, wotsalayo akupatseni. Akati ma brake pad atha, akuonetseni akadali pa gudumu, ndipo akalewo mupite nawo kwanu.

Chimandiwawa kwambiri ndi kusintha sensa yonse pomwe vuto linali waya wa dzimbiri basi. Nambala ya sipeya igwirizane ndi nambala ya chassis (nambala ya thupi la galimoto yanu), makamaka pa magalimoto ochokera ku Japan. Akakana kukonzanso ntchito yolakwika, tengani malisiti mukadandaule ku CCPC, bungwe la boma loteteza ogula.