Loweruka lopanda magetsi ku Ulongwe

Magetsi anazima cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, mvula ili pakalikiliki. Ndinadziwira firiji, chifukwa ikangosiya kung'ung'udza nanenso tulo timandithawa. Kutacha ndinapeza foni yatsala pang'ono kuzima, madzi alowa m'khola la nkhuku, ndipo mayi a kunyumba akulimbana ndi makala onyowa pa mbaula. Tiyi tinamwa mochedwa, wonunkha utsi.

Malume anali atadzuka kale, ali pakhonde ndi kawailesi kawo ka mabatire. Iwowa za magetsi siziwakhudza. M'mawa uliwonse amatsegula MBC, ndipo madzulo salola kuphonya Nkhani za m'maboma. Anakhala ku Dedza zaka zingapo pothawa nkhondo, nabwerera kuno ku Mozambique mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Ndimawaseka kuti thupi lokha ndilo linabwerera, khutu linatsalira ku Dedza. Iwo amayankha kuti khutu limapita kumene likumva. Sindiwatsutsa kwambiri. Wailesi ya Rádio Moçambique ya ku Tete imalankhula Chinyanja ndithu, koma nthawi yake timagawana ndi Chinyungwe ndi Chipwitikizi, pamene kutsidyaku, ku Malawi, amalankhula chathuchi tsiku lonse. Ndiye musadabwe kuti nkhalamba ya ku Angónia imadziwa mtengo wa feteleza ku Lilongwe osadziwa zimene zakambidwa ku Maputo sabata ino.

Cha m'ma 10 mvula inaleka. Ndinatenga foni yanga ndi ya mayi kupita nazo kumsika, kwa mnyamata wometa tsitsi amene ali ndi sola. Malume ananditsatira ndi ndodo yawo, poti kuseri kwa kanyumba kometerako ndi kumene kumakhala bawo. Mzere wa mafoni unali wautali, ma meticais 10 foni imodzi, ndipo mnyamatayo nkhope ili ngwee. Tsiku lotere kwa iye ndi nyengo ya zokolola.

Apa ndi pamene nkhani ya lero inayambira. Ali mkati mometa kamwana, mnyamatayo anati, "Aphunzitsi, mwamva? Magetsiwa sabweranso msanga. Cahora Bassa amugulitsa ku Malawi." Ankanena damu lalikulu lopanga magetsi la pa mtsinje wa Zambezi, ku Songo. Anatulutsa foni natiyikira uthenga wa mawu wa pa WhatsApp. Bambo wina wa mawu okhuthala, osatchula dzina lake ngakhale kumene ali, ankalankhula modekha ngati wowerenga nkhani, kuti magetsi athu onse tsopano akuwoloka malire ndipo ife tizigawiridwa zotsala. Anamaliza ndi kuti tumizani kwa abale onse. Alamu anga amene amagulitsa kachewere wa ku Tsangano anagwedeza mutu nati, "Ndimadziwa ine." Anthu atatu anayi anavomereza pomwepo. Ndaona kuti bodza likanenedwa m'chilankhulo chako, ndi mawu aulemu, limalowa ngati phala.

Malume anali atagwira njere m'manja, akufuna kutakata. Anazibwezera pansi. "Iwe mwana, damulo unaliwonapo?" Mnyamata anati analiwona pa foni. "Ine ndinalisenzera simenti."

Izi ndinkazidziwa, koma sindinawamvepo akuzifotokoza pagulu. Anapita ku Songo ali mnyamata, ntchito yomanga itayamba kale, poti inayamba mu 1969 ndipo madzi anawatsekera kumapeto kwa 1974. Anati Songo ya nthawi imeneyo inali yozunguliridwa ndi waya ndi asilikali, chifukwa a Frelimo anali atalowa kale m'chigawo cha Tete ndipo damulo sankalifuna. Anafotokoza za khoma, lalitali mamita 171, lopanikizika pakati pa mapiri awiri. Kenaka ananena chimene chinatontholetsa anthu: magetsi sapangidwa pakhoma paja ayi, amapangidwa m'phanga lalikulu limene anthu anaboola mkati mwa thanthwe, m'mene muli makina asanu. "Ukalowa m'menemo suona dzuwa. Timatuluka tili mbuu ngati ochokera kuchigayo." Ine ndinangowonjezera za m'buku, kuti makina aliwonse amatulutsa ma megawati 415, onse pamodzi 2,075. Palibe anasamala za manambala angawo. Maso onse anali pa malume.

Mnyamata sanagonje. Anati chabwino, koma nanga magetsiwo amapita kuti, si kunja? Apa ndiyenera kunena chilungamo, mnyamatayo sanaphonye kwenikweni, anangolakwitsa dziko ndi chaka. Damulo Apwitikizi analimanga ndi cholinga chogulitsa magetsi ku South Africa, ndipo nthambo zake zimayenda makilomita oposa 1,400 kuchokera ku Songo mpaka ku siteshoni ya Apollo pafupi ndi Johannesburg. Pa nthawi ya nkhondo nsanja zambiri za nthambozi zinagwetsedwa, damu n'kukhala zaka zambiri likungotaya madzi, mpaka zitakonzedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Choseketsa n'chakuti ena mwa magetsi amene amayaka ku Maputo amayamba adutsa ku Joni kaye n'kubwereranso. Za ku Malawi, chimene chilipo ndi ntchito ya nthambo yochokera ku Matambo pafupi ndi mzinda wa Tete kukafika ku Phombeya m'boma la Balaka, kuti anzathuwo azigula magetsi. Kugulitsa mkaka si kugulitsa ng'ombe. Bambo wa pa WhatsApp uja anatenga nkhani yoona imodzi naisoka pamodzi ndi mdima wa lero.

Alamu anga ndi amene anabweretsa za mpira, monga mwa chizolowezi chawo. Anati iwo za madamu alibe nazo ntchito, ku Songo amangodziwako timu. Ndinawafunsa kuti atchule osewera atatu a União Desportiva do Songo. Anatchula mmodzi, nayamba kukanda mutu. Ndinati nanga a Bullets? Anatchula asanu ndi awiri osapuma, ndi amene anachoka chaka chatha omwe. Gulu lonse linafa ndi phwete, koma ambiri akanalephera chimodzimodzi. Timu ya m'chigawo chathu chomwe chino, imene inatenga Moçambola, ligi yaikulu ya dziko lino, mu 2017 ndi 2018, chikho chimene kale chinkangozungulira kwambiri matimu a ku Maputo, koma mkangano wa pa bawo pano umakhala wa Bullets ndi Wanderers sabata ndi sabata.

Ndiye ndinaponya funso: bwalo la timuyi limatchedwa 27 de Novembro, n'chifukwa chiyani? Ndinabetcha Frozy awiri. Mnyamata wometa anati ndi tsiku la ufulu. Anamukuwiza, poti ngakhale mwana wa giredi yachiwiri amadziwa 25 June 1975. Wina anati ndi tsiku limene anamwalira Samora Machel, koma limenelo ndi 19 October 1986, ku Mbuzini. Malume anadikira onse atope, kenaka anati, "Ndi tsiku limene damu linabwerera kwa eni ake." N'zoona. Ufulu utabwera, gawo lalikulu la kampani ya damuli linatsala m'manja mwa Portugal kwa zaka 32, mpaka pa 27 November 2007 pamene Mozambique inatenga magawo 85 pa 100 aliwonse, Armando Guebuza ali pulezidenti. Mawu aja akuti "Cahora Bassa é nossa", kutanthauza kuti Cahora Bassa ndi wathu, ndi a nthawi imeneyo. Malume anatembenukira kwa mnyamata uja. "Tinadikira zaka zonsezo kuti likhale lathu, ndiye aligulitse usiku umodzi iwe yekha n'kumva?"

Frozy ndinagula, wofunda, poti firiji za msika wonse zinali zitagona. Malume anamwa mmodzi, winayo anapatsa kamwana kometedwa kaja, kamene kanali katakhala ola lathunthu ndi mutu wometedwa mbali imodzi.

Foni yanga itadzuka, mnyamata anati tifufuze kuti aone ndi maso ake. Neti inali yokoka miyendo, koma zinatseguka. Zonse zimene tinapeza zinali m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi. Iye Chipwitikizi amalankhula cha pamsika, cha "quanto custa" ndi "não tem troco", koma cha m'nyuzipepala chimamugwetsa ulesi pa mzere wachitatu. Ndinawerenga ndikumasulira, anthu akumvetsera, ndipo pakati pake ndinadzimva chisoni pang'ono. Kusukulu timaphunzitsa ana aang'ono kuwerenga Cinyanja, cholembedwa ndi c yekha mopanda h monga mwa kalembedwe kathu kuno, koma akakula n'kugula foni, chowerenga m'chilankhulocho chokhudza chigawo chawo sachipeza. Chimene chimawafika m'Chinyanja ndi nyimbo, ulaliki, ndi bambo wa mawu okhuthala uja.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri lero chinabwera pambuyo, anthu atayamba kubalalika. Mkulu wina woyendetsa chapa, minibasi ya kuno, Mnyungwe wa ku Moatize amene amakonda kuonerera bawo akudikira okwera a ku Calómuè, anati dzina loti Cahora Bassa ndi la kwawo. Basa m'Chinyungwe ndi ntchito, ndipo dzinalo limanena za pamene ntchito imathera, chifukwa opalasa ngalawa akafika pa mathithi amenewo sankapitiriranso. Ndinakumbukira kuti mathithi omwewo ndi amene anabweza David Livingstone mu 1858, sitima yake italephera kukwera Zambezi, ndipo n'chifukwa chake anakhotera mu Shire mpaka kukafika kunyanja mu 1859. Ndinauza malume kuti chikhala kuti si miyala ya ku Songo, mwina mbiri ya kutsidyaku ikanayenda njira ina. Iwo anangoti, "Eya," maso ali pa bawo. Anali atawona mpata, ndipo anadya njere za alamu anga mpaka mzere wakutsogolo kutsala mbee. Alamu anati malume anawasokoneza dala ndi nkhani.

Pobwerera tinadzera njira yakumunsi chifukwa cha matope. Tisanafike pa kamlatho tinapeza gulu la ana ndi amuna atatu ovala zipewa zolimba. Mtengo waukulu wa bulugama unali utazuka ndi mizu yomwe, n'kugwera pa nthambo, pholo limodzi litapendekeka. Amayi awiri anali atayamba kale kukangana za nthambi, poti nkhuni za bulugama sizidutsidwa. Malume anaima nthawi yaitali atatsamira ndodo, kenaka anati ndijambule. Ndinajambula n'kutumizira mnyamata wometa uja, popanda mawu ena alionse.

Magetsi anayaka 7 koloko itangodutsa, tikudya nsima ya nyemba ndi chigwada pa nyali ya foni. Ana a m'dera lathu lonse anakuwa nthawi imodzi ngati chalowa chigoli. Mnyamata uja wandiyankha posachedwapa ndi tizithunzi ta kuseka titatu, kenaka n'kunditumizira uthenga wina wa mawu, woti sabata yamawa ndalama za meticais zisinthidwa ndipo aliyense achotse zake ku M-Pesa. Mawu ake ndi a bambo yemwe uja. Ndamuuza kuti abwere nawo mawa pa bawo, malume akhalapo, koma ulendo uno Frozy agula ndi iyeyo.