Mnyamata wa pa rimandi ndi makina athu akufa

Sabata yathayi inayamba monga mwa nthawi zonse: kuzula mano owola, kumata obooka, ndi kudikira kuti magetsi ayake. Lachitatu apolisi anabwera ndi mnyamata womangidwa unyolo, woganiziridwa kuti anathyola golosale, atanyamula kalata ya bwalo la milandu yopempha kuti tinene zaka zake. Mayi ake ankanenetsa kuti mwanayo ali ndi zaka 16, koma analibe chiphaso cha kubadwa, popeza anabadwira kumudzi lamulo lokakamiza kulembetsa ana obadwa lisanayambe kugwira ntchito mu 2015.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi pepala limene anali nalo kale. Wina pa chipatala china anangomuuza kuti ayasame, ndipo ataona kuti dzino lomaliza la kumapeto kwa nsagwada latulukira, analemba kuti wapitirira zaka 18. Chifukwa cha mzere umodzi umenewo, mnyamatayo ankagona m'chitokosi chimodzi ndi akuluakulu, chonsecho malamulo oyendetsera dziko lino, chiwasinthireni mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Anzanga a ntchitoyi mukudziwa kuti kutuluka kwa dzino limeneli si umboni, chifukwa limatha kuboola usinini muzu wake usanathe kukula, ndipo kafukufuku wa ku South Africa anasonyeza kuti mwa ana akuda limakula mofulumirako kusiyana ndi mwa azungu.

Makina athu ojambula nsagwada yonse nthawi imodzi anafa kalekale, ndipo makalata athu opempha kuti akonzedwe amangosowera m'maofesi. Ndinagwiritsa ntchito tifilimu ting'onoting'ono toika m'kamwa, zomwe n'zovuta pa dzino la mkati chotere. Mnyamatayo ankachita ngati asanza, misozi ili chuchuchu, wapolisi atagwira unyolo pakhomo. Chithunzi chitatuluka, mizu ya dzinolo inaoneka yotalika pafupifupi mofanana ndi mutu wa dzinolo, nsonga zake zili zotseguka ndithu. Pa magawo a Demirjian, amene timayezera kakulidwe ka dzino, oyambira pa A kufika pa H, limeneli ndi gawo F. Muzu wotsekeka, wa gawo H, ndi umene ukanandichititsa kuganiza zoti mwina wafika zaka 18.

Komabe magawo amenewa anachokera pa ana a ku Montreal, ku Canada, mu 1973, osati a ku Ntcheu kapena ku Nsanje, ndipo mwana akafika zaka za m'ma 16 mano enawo amakhala atamaliza kukula, moti timatsala ndi dzino limodzi losadalirikali. N'chifukwa chake mu lipoti ndinalemba kuti n'zotheka kwambiri kuti sanakwane zaka 18, ndipo ndinapereka malire a zaka, osati nambala imodzi.

Woimira boma pa mlanduwo anaimba foni Lachinayi. "Adokotala, tingotiuzani zaka, ndi 17 kapena 19?" Ndinawayankha kuti, bwana, X-ray imaonetsa kukula kwa muzu, siionetsa tsiku lobadwa, ndipo ndinawapempha afufuzenso kadi la sikelo ndi kaundula wa kusukulu ya pulayimale. Sanasangalale nazo.

Lachisanu tinabwerera ku mzere wa odwala mano, mankhwala ochititsa dzanzi atatsala ochepa. Ndinalembanso kalata ina ya makina aja, ndipo ofesi inayankha kuti nkhaniyo ikudikira komiti yogula katundu.