Mmene ndinayendetsera gulu la anthu 11 openga ndi mahatchi ku Vienna

Ine sindine wa kampani ya zamaulendo ayi, anzanga pa gulu lathu la pa WhatsApp anangoona kuti ndimayankha mameseji msanga basi udindo unagwera ine. Tinalipo 11, ndipo sabata yoyamba yomweyo ndinazindikira kuti ndasenza magulu awiri. Ena nkhani yawo ndi hatchi yeniyeniyo, mmene ikuponyera mwendo, mmene wokwera wakhalira pa chishalo, pomwe ena hatchi alibe nayo ntchito kwenikweni, iwo maso ali pa ngolo, mateyala, penti, zingwe. Ukasangalatsa awa enawo ayamba kung'ung'udza.

Ndinayamba ndi kulakwitsa tsiku. Ndinaika July poti ambiri amakhala pa holide, anthu mpaka anavomera, kenako ndikuwerenga bwinobwino ndinapeza kuti nthawi yotentha imeneyo mahatchi a ku Spanish Riding School, sukulu yakalekale ya ku Vienna yomwe imaonetsa luso la mahatchi ndi owakwera, nawonso amapita kokapuma kunja kwa mzinda, zionetsero zazikulu zija zimayamba zaima. Komanso ku Vienna kukatentha kufika madigiri 35 mahatchi okoka ngolo lamulo silowalola kugwira ntchito. Ndiye tangoganizani kuuluka mtunda wonsewo nkukapeza eni ake kulibe. Tinasunthira ku May, wina anakwiya nkutuluka pa gulu, anabweranso yekha patatha masiku awiri.

Za viza sindichedwapo, ndi ya Schengen ndipo imodzi yomweyo inatikwanira ku Austria ndi ku Czech Republic, umafunsira ku dziko lomwe ukakhalitseko. Amafuna inshuwalansi yachipatala yosachepera mayuro 30,000, ndipo mutha kupereka mafomu miyezi 6 ulendo usanafike. Aliyense amafunsa payekha, koma mapepala a hotelo ndi pulogalamu ya ulendo ndinatumizira onse zofanana kuti wina asakalembe zake zosiyana.

Chomwe chinandiondetsa ndi ndalama. Matikiti a chionetsero amatha msanga, ndipo kupeza mipando 11 yoyandikana si masewera, ndiye ndinanena poyera kuti amene sanatumize gawo lake pofika Lachisanu ndigula popanda iye. Awiri ankayesa nthabwala. Anaonera ataimirira, bola malo oimirira alipo otsikirako mtengo, ndipo mpaka pano amati iwo ndi amene anaona bwino, kaya.

Holo ya Spanish Riding School ili mkati mwa Hofburg, nyumba yakale yachifumu, anamaliza kuimanga mu 1735, yoyera mbee, nyali zikuluzikulu zikulendewera, pansi mchenga. Mahatchi ake ndi ma Lipizzaner, amphongo okhaokha, dzinalo linachokera ku Lipica ku Slovenia komwe anayamba kuwaweta mu 1580. Amabadwa akuda kapena ofiirira, kuyera kumabwera akamakula, moti ukaona yotuwa pakati pa zoyera dziwa kuti ikadali yaing'ono. Ine malangizo anga ndi oti mupite kawiri, kuchionetsero komanso ku zoyeserera za mmawa zomwe amati Morgenarbeit. Mmawamo mulibe zodumpha zambiri ndipo wina pa gulu lathu anagona, koma ndi mmene umaonera ntchito yeniyeni, hatchi ikulakwitsa, wokwera osakalipa, kungobwereza mwakachetechete mpaka imve. Kujambula saloleza, ndinachenjezeratu katatu koma foni ya wina inatulukabe, manyazi anagwira ine.

Tsiku lotsatira linali la a ngolo aja. Tinapita ku Wagenburg, nyumba yoonetsera ngolo zakale ku nyumba yachifumu ya Schönbrunn, komwe amasunga ngolo za mafumu a Habsburg, ine ndinaika ola limodzi pa pulogalamu, aaa tinatha atatu. Pali ngolo yagolide yomwe inkakokedwa ndi mahatchi 8, koma yomwe inatiimitsa tonse ndi yakuda bii yamaliro, imene inanyamulanso thupi la mfumukazi Zita mu 1989, dzulodzulo lomweli. Bambo wina wachikulire pa gulu lathu anagwada kusuzumira kunsi kwa ngolo nkumatilongosolera mmene malamba achikopa amanyamulira chipinda chokhalamo anthu kuti chisamagwedezeke pa mabampu, ngakhale okonda zokwera aja anafika pafupi kudzamvera.

Madzulo tinakwera Fiaker, ngolo za mumzinda zokokedwa ndi mahatchi awiri, pa Stephansplatz, bwalo la pakati pa mzinda. Imodzi imanyamula anthu 4, ndiye 11 ndi ngolo zitatu, ndipo mukagawane muli ku hotelo chifukwa ife tinakakanganirana pamsewu woyendetsa akungotiyang'ana pansi pa chipewa chake. Mtengo mumvane musanakwere, ulendo waufupi kapena wautali, ndipo hatchi musaigwire kapena kuipatsa kanthu musanapemphe mwini wake, olo mukhale kuti kwanu mumaweta.

Komaliza kunali ku Kladruby nad Labem, komwe kuli khola loweta mahatchi ku Czech Republic. Tinakwera sitima ya ku Prague nkutsikira pa Pardubice, ndipo ndinaiwala kuuza anthu kuti kumeneko ndalama yake ndi koruna osati yuro, tinapulumukira makhadi. Khola limeneli mfumu Rudolf II analipatsa ulemu wachifumu mu 1579 ndipo UNESCO inaliika pa mndandanda wake wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lonse mu 2019, ntchito yake kuyambira kale ndi kuweta mahatchi okoka ngolo za pa miyambo yachifumu. Ndi zimphona, mphuno yokhota, zikamayenda zimakweza mawondo mmwamba ngati zikudziwa kuti zikuonedwa. Zoyera zili pompo, zakuda amazisunga ku Slatiňany, kumene sitinafike poti nthawi inatithera. Apa ndi pokhapo pomwe magulu anga awiri aja anaima pa mpanda umodzi osatsutsana, moti sitima yobwerera tinaipeza pothamanga, ine ndikuwerenga mitu pa pulatifomu ndikupeza 10, wa 11 anali adakali kukhola.