Anammangirira m'chigafa, ife tilibe jakisoni

Lolemba ndi Lachiwiri zinali zomwe zija: a khunyu kudzatenga mankhwala apamwezi, anyamata a chamba, ndi amayi odandaula mutu ndi kuthamanga kwa mtima, oti ukawafunsa modekha umapeza kuti chikuwasowetsa tulo ndi ngongole ya banki nkhonde. Anzanga anamwino a matenda amaganizo mukuzidziwa izi. Chandilembetsa ndi Lachitatu.

Anabwera naye pangolo kuchokera kumaesiteti a fodya kuno ku Kasungu. Mnyamata wosakwatira, m'mikono monse zilonda zozungulira momwe munadya chingwe. Anali atammangirira pamzati wa chigafa chiyambireni kulankhula yekha ndi kuthamangitsa anthu usiku. Buku lake lakuchipatala linkaonetsa kuti anayamba mankhwala chaka chatha ndipo anapeza bwino, mpaka fodya ankasankha nawo. Kenaka m'busa wina kumapemphero anauza abale kuti ichi n'chiwanda, ndipo kumwa mapiritsi n'kukayikira Mulungu.

Agogo ake, kolona m'khosi, sanabise mawu: "Adokotala, tangobwera kuti mumutsuke zilondazi. Zam'mutuzo si zanu."

Panopa ndikuchita maphunziro a pa intaneti a momwe nzeru zachikatolika zimaonera maganizo a munthu, usiku netiweki ikalola. Kuntchito ena ayamba kale kunditchula kuti ansembe. Maziko a maphunzirowa ndi chiphunzitso cha Thomas Aquinas, wansembe ndi mphunzitsi wamkulu wa Mpingo wa Katolika amene anamwalira mu 1274. Iye amati munthu si mzimu wongobisala m'thupi ayi, thupi ndi mzimu zimapanga munthu mmodzi. Nzeru n'zamzimu, koma zimagwira ntchito ndi zimene munthu waona, wamva ndi kukumbukira, ndipo zimenezi zimadutsa m'thupi. Ubongo ukadwala kuganiza kumasokonekera, popanda chiwanda chilichonse. M'buku lake lotchedwa Summa Theologiae anatchulanso zochepetsa chisoni: chinthu chokondweretsa, kulira, chifundo cha abwenzi, kusinkhasinkha choonadi, kenaka tulo ndi kusamba. Woyera wamkulu chotere kulembera munthu wachisoni tulo ndi madzi osamba!

Agogo aja sindinawauze za Aquinas. Ndinangowafunsa kuti, "Agogo, kodi bambo mfumu akadwala malungo samwa LA?" Anaseka, n'kukhala pansi. Ndiye ndinawafotokozera kuti Mpingo wawo womwewo sulola aliyense kungodzuka n'kumatulutsa ziwanda. Lamulo la Mpingo nambala 1172 limafuna chilolezo cha episkopi, ndipo mwambo wotulutsira ziwanda umene unakonzedwanso mu 1999 umachenjeza wansembe kuti ayambe watsimikiza kuti si matenda, ngati n'kofunika afunse madokotala. Ndinawakumbutsa kuti a zipatala za matenda amaganizo za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ndi Akatolika, amapemphera, ndipo jakisoni amabaya. Anapukusa mutu kanthawi, kenaka anati, "Mubayeni, koma kolona musamuvule." Tinagwirizana.

Ndinapita ku famase ndikuyenda monyadira. Fluphenazine, jakisoni amene akanamusunga milungu ingapo, watha. Mankhwala ena a matendawa nawonso chimodzimodzi: haloperidol watha. Chlorpromazine wangotsala wosakwana sabata. Zomutumiza ku Lilongwe, ambulansi ilibe mafuta. Oda tinalemba kalekale, ndipo yankho ndi lomwe lija lakuti tidikire. Koma za misonkhano yakunyanja ndalama sizisowa. Mankhwala athu ndiwo amayamba kuiwalika thumba likachepa, chifukwa odwala athu sapita pawailesi kukadandaula, ndipo abale awo amachita manyazi.

Tangoganizani kubwerera kwa gogo amene wangosiya kumene mawu a m'busa chifukwa chokhulupirira iwe, n'kukamuuza kuti mankhwala aja kulibe. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Nanga mumatikakamiziranji?" Amalume a mnyamatayo ndiwo anapalasa njinga kukagulitsa mbuzi, n'kudzagula mapiritsi m'famase yam'tauni. Akatha amenewo, mbuzi ina palibe, ndipo ndalama za fodya sizinalowe.

Lachinayi mnyamata anagona usiku wonse, m'mawa anasamba yekha n'kupempha phala. Lachisanu timayenera kuyendera zipatala zing'onozing'ono zakumidzi, koma ulendo unalephereka pankhani yomweyo ya mafuta, choncho odwala akumeneko adikira mwezi wamawa. Ine ndinakhalira kulemba malipoti, komanso ntchito yakusukulu yokhudza ufulu wosankha wa munthu amene nzeru zake zasokonekera, imene aphunzitsi akuifuna Lolemba.